KODI ROCKY WA M'KANEMA ANALI MUNTHU WENI-WENI?

Pa mseu waukulu wocokera ku Harare kunka ku Bulawayo pali mizinda iwiri yoyandikana, Chegutu ndi Kadoma, imene kufikira caka ca 1982 inali kudziwika ndi maina akuti Hartley ndi Gatooma. Dziko la kumeneko ndi la golide ndi thonje. Pafupi ndi Kadoma panakumbidwa mgodi wa Cam and Motor, ku Chakari wa Dalny, ndipo m'mizinda yonse iwiri munamangidwa nyumba zoombera nsalu. Nchito zimenezi zinakoka amuna ambiri a ku Nyasaland, a ku Tete ndi a ku Fort Jameson, ena pa malole a Ulere, ena pa mapazi, kotero kuti kufikira lero lino Cinyanja cimamveka m'makomboni a kumeneko.

Munthu wa m'komboni akaweruka ku nchito, zomsangalatsa zinali zowerengeka: gule, mpira, mowa, nkhonya ndi kanema. Ziwiri zomarizazi zinali kubwerekana zinthu. Pa migodi ya mkuwa ku Zambia, oonera kanema a m'zaka za m'ma 1950 anali kupatsa mnyamata ali yense wokwera pa kavalo ndi womenya adani dzina limodzi lokha, Jack, ndipo ana anali kutsanzira kamenyedwe kace m'miseu. Omenya nkhonya nawonso sanali kukhutira ndi maina a makolo ao. Proud Chinembiri, amene m'caka ca 1982 anagonjetsa Adama Mensah wa ku Ghana m'bwalo la Rufaro ku Harare nakhala katswiri wa Africa m'gulu la zimphona, limene Azungu amati heavyweight, anali kumveka ndi dzina la phiri, Kilimanjaro. Ndipo amene iye anamlanda ukatswiri wa Zimbabwe anali kuyendera dzina la Ringo Starr, woomba ng'oma wa ku England.

Ku Johannesburg kubwerekana kumeneku kunafika patali koposa. Kunali cimphona cina ca ku Natal, Ezekiel Dlamini, cimene cinanyamula dzina la King Kong, nyani wamkulu wa m'kanema wa caka ca 1933. Munthuyu anaopsa anzace onse kufikira caka ca 1953, pamene Simon Mtimkulu, mwamuna wocepa thupi kwa iye, anamgwetsa. Kucokera pamenepo moyo wace unatsetsereka. Anapha mkazi amene anali bwenzi lace, napempha woweruza kuti amnyonge. Woweruzayo anampatsa zaka 12, ndipo mu April, 1957, anadziponya m'dziwe la pa ndende ya Leeuwkop. Zisanathe zaka ziwiri, pa 2 February, 1959, moyo wace unaonetsedwa m'sewero la nyimbo. Nyimbozo anapeka ndi Todd Matshikiza. Nathan Mdledle anasewera ngati King Kong, ndipo Miriam Makeba anakhala Joyce, mwini shabini. Opeka anasintha zambiri, koma dzina la mwini nkhani sanalibise, ndipo palibe amene anafunsa kuti sewerolo linali kunena za yani.

Nkhani ya Rocky ndi yosiyana pa mfundo imeneyo. Kanema ameneyu, amene anaturuka ku America m'caka ca 1976 nafalikira kufikira m'tinyumba toonetsera mavidiyo ta m'maiko athu atatu, sachula dzina la munthu wamoyo kuti ndiye mwini nkhani. Koma kunali mwamuna wina amene anakhala zaka zambiri akunena kuti Rocky ndi iye, ndipo potsiriza anapita nazo ku bwalo la milandu.

Nthano ya kanemayo ndi iyi. Mu mzinda wa Philadelphia muli mwamuna wa mtundu wa Ataliana, Rocky Balboa, womenya nkhonya m'timabwalo tating'ono pa malipiro ocepa. Masana amayendera anthu a ngongole m'malo mwa wakatapila wina. Katswiri wa dziko lonse lapansi, munthu wakuda wa pakamwa pokoma ndi wodzitama, dzina lace Apollo Creed, wasowa womenyana naye, popeza amene anapangana naye wapweteka dzanja. Tsono asankha Rocky, munthu wosadziwika, kuti anthu akondwere poona mphawi akupatsidwa mwai. Rocky adziwa kuti sangapambane. Cimene afuna ndi cimodzi: kuti belu lomariza likalira pa kutha kwa ndime 15, limpeze ali ciimire. Zicitikadi motero. Agwetsa Creed m'ndime yoyamba, amenyedwa kufikira maso kutupa, koma afika kumapeto. Oweruza awiri mwa atatu apatsa Creed cipambano.

Mwamuna wodandaula uja ndi Chuck Wepner. Anabadwa m'caka ca 1939 nakulira ku Bayonne, mzinda wa m'mbali mwa nyanja m'cigawo ca New Jersey. Atacoka ku usilikali anayamba nkhonya za malipiro m'caka ca 1964, koma nkhonyazo sizinali kumdyetsa. Masana anali kuyenda m'mabara ndi m'masitolo kugulitsa mowa wa m'mabotolo, ndipo kukonzekera kwace kunali kwa mbandakuca ndi madzulo. Anali wamtali koposa mapazi 6, wolimba cibwano, wopanda luso leni-leni. Cilema cace cinali khungu la pamwamba pa maso, limene linali kung'ambika msanga, kotero kuti anampatsa dzina lakuti Bayonne Bleeder, ndiko kunena kuti wokha mwazi wa ku Bayonne. George Foreman anamgonjetsa m'ndime yacitatu m'caka ca 1969. Mu June, 1970, anakomana ndi Sonny Liston, ndipo atatha masewerawo madokotala anamsoka kumaso misoko 72. Akadakhala wa m'komboni, anthu akadanong'onezana kuti anatemera mangolomera, pakuti munthu wamba sabwerera m'bwalo atasokedwa cotero. Iye anabwerera, ndipo m'caka ca 1973 anapambana Ernie Terrell, amene kale anagwirapo lamba wa dziko lonse.

Pa 30 October, 1974, Muhammad Ali anagwetsa Foreman ku Kinshasa natenganso ukatswiri wace. Atagwira nchito yaikuru yotere anafuna masewera opepuka oyambira caka catsopano, ndipo wokonza masewera, Don King, anasankha Wepner. Ali analonjezedwa madola 1,500,000. Wepner madola 100,000, ndalama zimene anali asanazigwirepo cibadwire. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wace anasiya kugulitsa mowa napita ku mapiri a Catskill kukakonzekera masabata angapo osacita kanthu kena. Anali ndi zaka 36. Olemba manyuzi anali kungotsutsana za ndime imene mwazi udzayambire kutuluka.

Anakomana pa 24 March, 1975, m'bwalo la Richfield Coliseum pafupi ndi Cleveland. Kunena zoona, masewerawo sanali okongola. Ali anabwera wonenepa, natha ndime zoyamba akutsamira zingwe ndi kuseweretsa mnzace. Wepner anali kumenya ku nkhongo, cimene malamulo amaletsa, ndipo Ali anadandaula kwa woyang'anira masewera m'bwalo, Tony Perez, nayamba kubwezera comweco. Tsono m'ndime ya 9 Wepner anaponya nkhonya ya dzanja lamanja m'nthiti, ndipo Ali anagwa cagada. Zithunzi zimene zinajambulidwa pa kamphindi kameneko zisonyeza phazi la Wepner litaponda phazi la Ali, ndipo Ali anaumirira kuti cinamgwetsa ndi cimeneco. Koma Perez anawerenga, motero m'mabuku munalembedwa kuti katswiri anagwa. Amuna amene anagwetsapo Ali m'nkhonya za malipiro ndi anai okha: Sonny Banks, Henry Cooper, Joe Frazier ndi wogulitsa mowa ameneyu. Wepner mwini wakhala akusimba kuti anatembenukira kwa womsamalira, Al Braverman, namuuza kuti alize galimoto apite ku banki. Koma Braverman anamyankha kuti aceuke, pakuti munthu uja akudzuka, ndipo wakwiya.

Anakwiyadi. M'ndime zotsalazo Ali anamng'amba pamwamba pa maso onse awiri namthyola mphuno, koma Wepner anali kungobwerabe kutsogolo. Ndime ya 12 inatha, ya 13, ya 14. M'ndime ya 15, nthawi itatsala pang'ono, nkhonya ya Ali inamponya pa zingwe nagwa. Anayesa kudzikoka kuti aimirire, koma Perez anayang'ana maso ace naletsa masewerawo. Kunatsala masekondi 19 kuti belu lilire.

Usiku womwewo, m'nyumba ina ya kanema ku Los Angeles kumene anali kuonetsa nkhonyazo nthawi yomwe zinali kucitika, munali mnyamata wa zaka 28, Sylvester Stallone, wosewera m'makanema amene nchito inali kumsowa ndi ndalama zomwe. Iye mwini anasimba kawiri-kawiri kuti cimene anaona cinamgwira mtima, ndi kuti pambuyo pace analemba nthano ya Rocky m'masiku atatu ndi theka. Eni makampani anaifuna nthanoyo, koma iye anakana kuigulitsa pokhapokha atamlola kusewera yekha ngati Rocky. Kanemayo anajambulidwa ndi ndalama zocepa, pafupi-fupi madola 1,000,000, motsogozedwa ndi John Avildsen. Analowetsa madola oposa 100,000,000 m'America mokha, ndipo m'caka ca 1977 analandira mphotho ya Oscar ya kanema wopambana onse.

Munthu akaika nkhani ziwirizi pamodzi, kufanana kwace sikusowa womlozera. Mzungu wosauka wogwira nchito ina masana, katswiri wakuda wodziwa kulankhula, amene Carl Weathers anamsewera motsanzira Ali moonekeratu, mwai wogwa ngati mvula ya m'cilimwe, kugwa kwa katswiri kumene palibe anakuyembekeza, nkhope yotupa ndi yokha mwazi, ndime 15. Ngakhale m'kanema wacitatu, wa caka ca 1982, mmene Rocky amenyana ndi katswiri wogwetsana naponyedwa kunja kwa zingwe, muli fungo la Wepner: mu June, 1976, ku Shea Stadium mu New York, iye anakomana ndi cimphona ca masewera ogwetsana, André the Giant, ndipo cinamtaya kunja kwa bwalo.

Koma pali kusiyana kumodzi kumene kuli mtima wa kanema yense. Rocky anamva belu lomariza ali ciimire, Wepner sanalimve. Cimene Stallone anacita ndico kutenga usiku wa ku Richfield ndi kuonjezapo masekondi 19 amene Perez anacotsa. Popanda masekondi amenewo nthanoyo ikadakhala ya munthu wolimba amene anamenyedwa kufikira kuletsedwa, ndipo otere ali ambiri m'bwalo liri lonse. Kusiyana kwina ndi kwakuti Wepner sanali wosadziwika monga Rocky. Munthu amene anaima ndi Liston, Foreman ndi Terrell sanatoledwe pa mseu. Sanali Mtaliana, ndipo sanali wa ku Philadelphia.

Nanga zinazo zinacokera kuti? Dzina ndi mtundu n'zosabvuta kulondola. Rocky Marciano, mwana wa Ataliana wa ku Brockton, anasiya nkhonya m'caka ca 1956 atapambana masewera ace onse 49, ndipo cithunzi cace cipacikidwa pa khoma la cipinda ca Rocky m'kanema momwemo. Umphawi, ndi mtima wokana kugulitsa mwai wace, ndi za Stallone mwini, amenenso anakhalapo ku Philadelphia pa unyamata wace.

Zotsalazo, zimene oonera amazikumbukira koposa nkhonya zomwe, mwini wace ndi wina. Ali yense amene anaona kanemayu akumbukira Rocky akumenya nyama za ng'ombe zopacikidwa m'cipinda cozizira, ndiponso akuthamanga mbandakuca kukwera makwerero 72 a nyumba yosungiramo zithunzi ndi zosema ya mzindawo. Joe Frazier, mwana wa mlimi wosauka wa ku Beaufort m'cigawo ca South Carolina, anafika ku Philadelphia ali mnyamata nagwira nchito m'nyumba yophera ng'ombe. Iye anasimba kuti kumeneko anali kumenya nyama zopacikidwa pokonzekera, ndi kuti makwerero amenewo anali kuwathamanga zaka zambiri kanemayo asanaganizidwe. Munthu ameneyu anatenga mendulo ya golide ku Tokyo m'caka ca 1964, nakhala woyamba kugonjetsa Ali pa 8 March, 1971, atamgwetsa m'ndime ya 15. M'kanemamo aonekamo kamphindi, atabvala suti, akupatsa moni omenyanawo masewera asanayambe. M'zaka zace zomariza, akukhala m'cipinda ca pamwamba pa nyumba yace yophunzitsira nkhonya, anadandaula poyera kuti pa nyama ndi makwerero aja sanalandirepo kanthu.

Apa mpamene nkhaniyi iwawa. Philadelphia ndi mzinda wa nkhonya zeni-zeni, ndipo ambiri mwa akatswiri ace ndi anthu akuda. Omvera a ku Zambia akumbukira kuti Matthew Saad Muhammad, amene anagwetsa Lottie Mwale m'ndime yacinai pa kulimbirana lamba wa dziko lonse m'caka ca 1980, anali wa komweko. Koma cifanizo ca mkuwa cimene alendo anayamba kudzajambulitsa naco ndi ca munthu amene sanakhaleko. Cifanizo ca Rocky cinasulidwa cifukwa ca kanema wa 1982, ndipo m'caka ca 2006 cinaimikidwa pafupi ndi makwerero aja. Frazier anamwalira mu November, 2011, mzinda wace usanamuumbire kanthu. Cifanizo cace cinadzaimikidwa m'caka ca 2015. Kanema anatenga thukuta la katswiri wakuda naliveka Mzungu wogonja, ndipo anthu a mzindawo anakonda wobvalayo koposa mwini cobvala. Pofunsa kuti Rocky ndi yani, si bwino kuchula Wepner yekha ndi kumsiya Frazier pa khomo.

Komabe amene anapita ku bwalo la milandu ndi Wepner. Poyamba panalibe udani pakati pa iye ndi Stallone. Pokonza kanema waciwiri, wa caka ca 1979, Stallone anamuitana kuti adzayese kusewera gawo lina. Wepner analephera mayesowo, ndipo iye mwini abvomereza kuti anafika asanakonzeke. Anasiya nkhonya m'caka ca 1978. Dzina lakuti Rocky weni-weni linamtsegulira zitseko za mabara ambiri, ndipo zina mwa zitsekozo zinali zoipa: anagwidwa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo m'caka ca 1988 anaweruzidwa kuti akakhale m'ndende. Ataturuka anabwerera ku nchito yace yakale yogulitsa mowa, pamene makanema a Rocky, amene pofika 1990 anali asanu, anali kulowetsabe ndalama.

M'caka ca 2003 anasumira Stallone, nafuna madola 15,000,000. Omvera azindikire bwino cimene anasumira, pakuti ambiri amasokoneza. Sananene kuti anambera nkhani ya moyo wace. Pa malamulo a ku America, zimene zinacitika poyera siziri cuma ca munthu. Ali yense amene anagula tikiti usiku uja anali ndi ufulu wopeka nthano pa zimene anaona. Dandaulo lace linali lakuti kwa zaka zambiri dzina lace linali kugwiritsidwa nchito pokopa anthu kuti agule makanemawo, pomanena kuti nthanoyi inacokera kwa munthu weni-weni, koma iye osapatsidwapo kanthu. Motero mau omwewo amene Stallone anali kunena momlemekeza ndiwo anasanduka umboni. Nkosadabwitsa kuti panafika nthawi imene Stallone anayamba kucepetsa gawo la Wepner, ngakhale kulikana kumene.

Woweruza sanagamule. M'caka ca 2006, comwe cinaturuka kanema wacisanu ndi cimodzi, awiriwa anagwirizana kunja kwa bwalo, ndipo kucuruka kwa ndalama zimene zinaperekedwa kunasungidwa mwacinsinsi. Cotero palibe pepala la boma limene linena kuti Rocky ndi Wepner, ndiponso palibe limene likana.

Pa umboni umene ulipo, yankho loyenera ndi lakuti Wepner ananena zoona pa cinthu cacikuru. Pakadapanda usiku wa pa 24 March, 1975, sipakadakhala Rocky. Marciano ndi Frazier analipo kale zaka zambiri, ndipo Stallone sanalembe kanthu za iwo kufikira ataona wogulitsa mowa akukana kugwa. Koma munthu amene ayenda m'miseu ya Philadelphia m'kanemamo, wamanyazi, woweta akamba awiri, wofunsira mlongo wa mnzace mobvutikira, sindiye Wepner, amene anali wokonda maceza ndi phokoso. Ezekiel Dlamini anasungiridwa dzina nasinthidwa moyo, ndipo sanakhalepo kuti atsutse. Wepner anacotseredwa dzina, koma anakhala ndi moyo wautali wokwanira kulilondola.

Ndipo analipezadi, ngakhale mocedwa. M'caka ca 2011 kunaturuka kanema wa mbiri yace, The Real Rocky, mmene iye mwini alankhula. M'caka ca 2016 kunaturuka wina, Chuck, mmene Liev Schreiber asewera ngati Wepner, ndipo wosewera wina asewera ngati Stallone. Mu November, 2022, anthu a ku Bayonne anaimika cifanizo cace ca mkuwa m'munda wa m'mbali mwa madzi, ndipo iye anafikapo pa mwambowo ali ndi zaka 83.